Galimoto ya mawaya si yachibwana, tingoyamba kuyeza

Awa ndi mawu omwe mnzathu adayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene simudabwere muwerenge nawo, chifukwa nkhaniyi tiivotera pa msonkhano ukubwerawu.

Ndapatsidwa mphindi zochepa, ndiye sindizungulira. Nkhani yanga ndi ya magalimoto ang'onoang'ono opanga pamanja, ndipo kumapeto ndipempha kalabu kuti ivomere zinthu zitatu.

Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Ndikudziwa zomwe mukuganiza: munthu woti adalemba kale Fomu 4 akufuna atibweze ku mawaya? Chabwino, sekani kaye, koma mundimvetsere mpaka ndimalize.

M'chipinda muno ndi ochepa amene sadakankhepo galimoto ya mawaya. Ena tidayambira ku dongo, ena ku mapesi a chimanga, kenako n'kufika pa waya weniweni, malegeni ochokera ku chubu cha njinga, ndi zitini za polishi za matayala. Chiwongolero chimachoka m'chiuno mwa mwini n'kukafika ku matayala akutsogolo, ndipo ukachipotoza galimoto imakhotadi. Palibe mphunzitsi adatilembera zimenezi pa bolodi. Wamkulu ankapinda waya, wamng'ono akuyang'ana, mawa lake wamng'onoyo n'kupinda yekha.

Luso limeneli lidafika kutali kuposa momwe timaganizira. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, yemwe adakhalako kuno ku Malawi, adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto. Ndi nkhani ya mnyamata dzina lake Kondi yemwe adayendayenda tsiku lonse kufunafuna mawaya oti apangire galimoto yake. Ana a kunja amawerenga za ife, pomwe ife eni ake tikamakula timachita nazo manyazi.

Komanso kunjako zimenezi si za ana okha. Timagalimoto ta Matchbox tidayamba kupangidwa ku England mu 1953, ta Hot Wheels ku America mu 1968, ndipo pali akuluakulu amene amatisunga m'makabati a galasi. Kampani ya Tamiya ya ku Japan imagulitsa galimoto yapulasitiki ili zidutswazidutswa m'bokosi, ndipo abambo aimvi amakhala masabata akulumikiza ndi kupenta. Tsono kusiyana kwa awo ndi athu kuli pati? Ambiri muyankha kuti ndi ndalama. Ine ndikuti kusiyana kwakukulu ndi kumodzi: iwo amayeza, ife timangoyerekeza ndi maso. N'chifukwa chake minibasi zathu zimatuluka ndi matayala ngati a thirakitala.

Ndiye tiyambe ndi sikelo. Si yoyezera soya ija ayi, ndi ija tidaphunzira pa mapu mu Jogalafe, ya 1:50,000. Opanga timagalimoto amakonda 1:18, 1:24, 1:43 ndi 1:64. Mukamva 1:24, tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi pa kagalimoto kanu ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Muyeza chenichenicho, mugawa ndi 24, basi.

Titenge Toyota Hiace, minibasi zomwe timakwera popita ku Lilongwe mu msewu wa M12. M'litali ndi pafupifupi masentimita 470, m'lifupi 170, msinkhu pafupifupi 198. Gawani ndi 24. Mupeza masentimita 19.6 m'litali, 7 m'lifupi, ndi 8.3 msinkhu. Kuchoka pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo ndi masentimita 257, omwe pa kagalimoto kathu ndi 10.7. Tayala lake ndi pafupifupi masentimita 69 kudutsa pakati, ndiye lathu likhale 2.9. Tsopano tengani chitsekerero chapulasitiki cha botolo la zakumwa, muchiyeze. Ndi pafupifupi masentimita atatu. Mwaona? Tayala la Hiace ya 1:24 timalitaya tsiku ndi tsiku pa Boma apa.

Lamulo langa n'lakuti muyambire pa tayala. Thupi la galimoto mungalipinde kukula kulikonse, koma chinthu chozungulira bwino n'chovuta kupanga, timangotola. Ndiye tayala ndi limene likuuzeni sikelo. Mukatola chitini cha polishi cha masentimita 7, ndipo mukufuna Hiace, sikelo yanu ndi 1:10, minibasiyo italike masentimita 47. Mukaiika ya masentimita 20 pa matayala amenewo, musadabwe anthu akamaseka.

Ife a ku Mchinji tili ndi mwayi womwe anzathu a maboma ena alibe. Chiyambire pomwe a Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsegula ofesi imodzi ya chipata cha Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, ngakhalenso kale, magalimoto a mtundu uliwonse amadutsa pakhomo pathu: mathankala, mathiraki a makontena, mabasi a ku Lusaka, ma Sienta odzaza mpaka kumbuyo. Pali njanji yopita ku Chipata yomwe idatsegulidwa mu 2010, kwa amene angafune kupanga sitima. Kontena yaitali ija ya mafiti 40 ndi masentimita 1,219 m'litali, 244 m'lifupi ndi 259 msinkhu. Pa 1:24 ndi 51, 10 ndi 11. Katoni imodzi yolimba ikwana. Koma chonde, pemphani kwa dalaivala musanayandikire ndi tepi yanu, musakwawire pansi pa thiraki yoima, ndipo musajambule zithunzi mkati mwa chipata. Mumsewu muli malo okwanira.

Tsono kapangidwe. Musayambe ndi pulayala, yambani ndi pensulo. Jambulani galimotoyo pa pepala la masamu la timabokosi, chammbali, kutsogolo ndi pamwamba, pa kukula kwenikweni komwe mukufuna. Waya muziwupindira pa chojambulacho. Wongolani waya kaye pomukoka pa mtengo kapena pomumenya pang'onopang'ono pa thabwa. Mbali ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, muzipinde pamodzi zitagundana kuti zifanane. Waya wonenepa ndi wa chimango cha pansi, wapakati ndi wa thupi, wowonda ndi womangira. Ekiselo yabwino ndi sipoko ya njinga yolowetsedwa m'kathupi ka bolopeni yakutha, chifukwa ndi yowongoka ndipo imazungulira mosagwira. Musanapitirire, ikani chimangocho pa tebulo. Matayala onse anayi akhudze pansi. Limodzi likalendewera, konzani pomwepo, penti sabisa kupindika.

Thupi mungalikute ndi malata a zitini zakumwa, omwe amadulika ndi sizasi, kapena katoni yopyapyala. Dulani kaye pepala, muliyese pa chimango, likakwana ndi pomwe mudule lata. M'mphepete mwa lata mupinde kuti musacheke mwana amene adzaigwire. Mawindo amachokera ku botolo lapulasitiki loyera.

Pa kupenta ndi pomwe ambiri timathamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga. Palani dzimbiri ndi sandipepala, palaninso latalo pang'ono kuti penti apeze pogwira, ndipo mulitsuke ndi sopo kuchotsa mafuta a m'manja. Pakani penti woyamba, uja wofiirira amapaka owotcherera pa mafelemu a zitseko, mudikire aume. Kenako penti weniweni, womusungunula pang'ono, mupake mopyapyala kawiri kapena katatu, tsiku limodzi kamodzi. Mukapaka wambiri nthawi imodzi amayenderera, amabisa mizere ya zitseko, ndipo amakhala masiku asanaume. Yambani ndi mtundu wowala, wakuda pambuyo. Mzere wowongoka umafuna tepi yomata, ndipo tepiyo muichotse penti asanaumitsitse. Poumitsa vundikirani ndi katoni, paja fumbi la kuno silipempha chilolezo. Bulashi yaing'ono ikasowa, nthenga ya nkhuku yometa bwino imagwira ntchito, ndipo timalemba timalembeka ndi kamtengo kosongola.

Chimene chimachititsa munthu kuima n'kunena kuti "iyi ndaikwerapo iyi" ndi tizinthu ting'onoting'ono. Chiwongolero chikhale kumanja, chifukwa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique timayenda kumanzere kwa msewu. Chitseko chotsetsereka cha minibasi chikhale kumanzere. Nambala ikhale ya MC, ndipo ngati ndi minibasi yonyamula anthu, malemba ofiira pa choyera. Zonyezimira zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Thankala ili ndi kachikwangwani ka olenji: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo. Magalasi oonera kumbuyo ndi kapepala konyezimira ka bisiketi, matumba a mtedza ndi kansalu kosoka modzaza mchenga. Ndipo galimoto ya ku Mchinji siwala ngati ya mu shopu. Sefani dothi lofiira, musakanize ndi madzi ndi guluu wa matabwa pang'ono, muwaze m'munsi ndi mswachi wakutha. Pa ekizozi pakani khala lopera. Muike pang'ono, muime patali, muone, kenako muonjezere ngati pakufunika.

Tsopano mawu olemera. Waya wathu achokere kuti? Tonse tikudziwa kuti masewerawa adadanitsapo ana ndi eni madimba, chifukwa cha mipanda yodulidwa usiku. Ngati kalabu iyamba zimenezi, lamulo likhale lolembedwa: waya wa pa mpanda wa munthu, wa pa mapolo a ESCOM, wa ku njanji, ayi. Wa magetsi amapha, ndipo kuononga zida za magetsi ndi mlandu wokalowa nawo kundende. Tizikapempha zotsala kwa owotcherera, okonza njinga, omanga nyumba ndi m'magalaji. Kuwotcha matayala pofuna waya wa mkati tikusiye, utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Zitini za mankhwala a m'munda ndi mabatire tisazikhudze. Penti ndi thina tizigwiritsa ntchito panja, kutali ndi moto ndi ana aang'ono. Wina akachekedwa ndi chitsulo chadzimbiri, atsuke ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kafumbata si wosewera naye.

Mwina wina afunsa kuti kodi zimenezi zidyetsa ndani? Sindikunamizani kuti mulemera nazo. Ogula alipo koma ndi ochepa. Phindu lake lili kwina. Amene wamaliza kagalimoto kamodzi ka sikelo wawerenga tepi, wagawa manambala, wajambula pulani, wadula lata, wakonza chitsulo kuti chilandire penti. Izi ndi zomwe amayambira ku Namitete Technical College, mu msewu wathu womwewu, ndi m'masukulu ena a TEVETA. William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa aneba athu a ku Kasungu, adapanga makina a magetsi oyendera mphepo kuchokera ku zotayidwa, ali kunja kwa sukulu chifukwa cha fizi. Manja otero sayamba tsiku limodzi. Ambiri muno tikudikira zotsatira kapena malo a sukulu, ndipo tonse tikudziwa zomwe zimamupeza wachinyamata wongokhala pa boda. Bola manja akhale ndi chochita.

Asungwana, nkhaniyi ndi yanunso. Kale tinkakuuzani kuti inu ndi a zidole zadongo, mawaya ndi a anyamata. Pulayala sadziwa kuti wamugwira ndani.

Zopempha zanga ndi izi. Choyamba, kalabu itipatse maola awiri Loweruka lililonse masana, ndipo aliyense wamkulu abwere ndi mwana mmodzi wa ku pulayimale woti amuphunzitse. Chachiwiri, tisonkhe kangachepe komwe tingagwirizane, tigule zida zogwiritsa ntchito tonse: mapulayala awiri, tepi yoyezera, sandipepala, ndi timatini ta penti woyera, wakuda, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Mitundu ina yonse tisakaniza tokha. Zidazo zizikhala ndi msungichuma, wobwereka azilemba dzina m'kope. Chachitatu, pakatha masabata 8 tichite chionetsero, tiitane makolo, madalaivala ndi amakaniko kuti adzakhale oweruza. Galimoto iliyonse ibwere ndi pepala la miyeso yake, ndipo aweruze zitatu: kodi sikelo yalondola, kodi ikuyenda mowongoka, kodi ikufanana ndi yeniyeni.

Amene mukufuna, lembetsani kwa a Mlembi tikamatuluka. Ntchito ya sabata ino ndi imodzi yokha: sankhani galimoto yomwe mumaiona tsiku lililonse, pemphani mwini wake, muiyeze m'litali, m'lifupi, msinkhu ndi tayala. Loweruka mubwere ndi manambala anayi amenewo, pensulo, ndi zitsekerero zinayi zofanana.