Kapu ndi Sikelo: Kuyeza Mafuta a Mkaka

 Nkhani ya lero ndaitenga ku Chitala, m'boma la Salima, kumene ndinacheza ndi mayi wina amene amaphika masikono ndi makeke ogulitsa. Mayiyu amagula mkaka kwa oŵeta ng'ombe, nauŵiritsa, ndipo ukazizira amaengula mafuta oyandama pamwamba, aja ena amati kirimu. Dandaulo lake linali lakuti buku limene anabwereka likunena za magalamu, pamene iye alibe sikelo koma kapu yokha. Pongoyerekeza muyeso, makeke ake anatuluka ena onyoŵa, ena ouma, ndipo mpamba unaloŵa m'madzi.

Choyamba timvetse kuti kapu ndi sikelo siziyeza chinthu chimodzi. Kapu imayeza malo amene chinthu chadzaza, pamene sikelo imayeza kulemera kwake. Madzi ndiwo amagwirizanitsa miyeso iŵiriyi, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Motero kapu ya mamililita 250 ikadzaza madzi, madziwo amalemera magalamu 250.

Nanga kirimu? Mkaka umaposa madzi kulemera pang'ono: kapu yomweyo imatenga magalamu pafupifupi 258. Mafuta ndi opepuka, n'chifukwa chake amayandama, ndipo mafuta ophikira odzaza kapuyo amakwana magalamu pafupifupi 230 okha. Kirimu ali pakati, popeza ndi mkaka wochuluka mafuta, choncho kulemera kwake kumayandikira kwambiri kwa madzi. Lamulo lake n'losavuta kukumbukira: mililita imodzi ya kirimu muiŵerenge ngati galamu imodzi. Buku likati magalamu 125, thirani theka la kapu. Likati magalamu 15, thirani sipuni yaikulu imodzi.

Koma pali misampha itatu.

Woyamba ndi kapu imene. Mabuku a ku America amanena kapu ya mamililita pafupifupi 237, osati 250. Painti ya ku Britain ndi mamililita 568, pamene ya ku America ndi 473. Tsono musanayambe kuphika, onani kumene bukulo linalembedwa.

Wachiŵiri ndi kupakasa. Kirimu akapakasidwa mpaka kuchita thovu amaloŵa mpweya, nafufuma pafupifupi kaŵiri, koma kulemera kwake sikusintha. Kapu ya kirimu wathovu imangolemera theka la kapu ya wosapakasa. Muyezeni asanapakasidwe.

Wachitatu ndi kutengera lamuloli ku zinthu zouma. Ufa wa tirigu wodzaza kapu ija umangoposa pang'ono theka la kulemera kwa madzi, ndipo umasinthanso mukautsendera. Nsinjiro nazonso zili chimodzimodzi. Zimenezi zimafuna sikelo.

Mwina mukufunsa kuti kapu yanu yakunyumba mungaidziŵe bwanji kukula kwake. Tengani botolo limene muyeso wake walembedwa pa thupi lake, monga la Coca-Cola la mamililita 300. Thiranimo madzi kulekeza pamene zakumwa zimalekeza, muwakhuthulire m'kapu yanu, ndipo muone pamene afika. Kapena pemphani wa golosale akuyezereni madzi a magalamu 250 pa sikelo yake, atachotsera kulemera kwa kapu, inu muikepo chizindikiro. Kapu imeneyo ikhale yophikira basi, ana asamwere thobwa.

Inu a m'mbali mwa nyanja, kumene dzuŵa limaŵala mwaukali, kumbukiraninso kuti kirimu sachedwa kusasa. Engulani m'maŵa, muyeze, muphikire tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Chitala uja tinamuikira chizindikiro pa kapu yake tisanatsazikane, ndipo tsopano akhoza kuŵerengera bwino mtengo wa keke iliyonse asanaigulitse. Nanunso kayeseni kwanuko, ndipo mutilembere kalata kutiuza mmene zayendera.

Mpaka sabata yamaŵa nthaŵi ngati yomwe ino, tsalani bwino.