Kuyeza Chiopsezo cha Moto m'Nyumba za m'Boma la Karonga

Wapampando wa khonsolo, mafumu, makhansala ndi oimira amalonda,

Pa 18 Disembala 2015 moto udapsereza nyumba yosungiramo mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu, mumzinda umene uli ndi ozimitsa moto akeake. Karonga ali pa mtunda woposa makilomita 200 kuchokera kumeneko, choncho thandizo lochoka ku Mzuzu lingadzapeze phulusa lokhalokha. Boma lino liyenera kudalira kuyendera nyumba moto usanabuke.

Kuyenderako kuli pa milingo itatu. Woyamba ndi wa mwini nyumba: aone chimene chingayatse moto, monga mbaula kapena nthambo za magetsi zolumikizidwa mwachisawawa, ndi chimene chingaukoleze, monga zigubu za petulo ndi mankhusu a mpunga ounjikidwa pazigayo. Wachiwiri ndi wa ogwira ntchito kukhonsolo, amene amaika nyumba m'magulu poona kuthekera kwa moto ndi kukula kwa chiwonongeko. Wachitatu, wa mainjiniya, ndi wodula, ndipo uyenera chipatala cha boma ndi malo osungira mafuta.

Pamene pafunika maso akuthwa ndi pogona ana asukulu. Mawindo amatchingidwa ndi zitsulo poopa akuba, ndipo usiku khomo limakhomedwa. Woyendera asakhutire ndi chozimitsira moto chopachikidwa pakhoma. Afunse amene amasunga kiyi ndi kumene amagona, kenaka awerenge mphindi zimene ana onse angatulukire mumdima, pakuti utsi umakomola munthu malawi asanamufike.

Kuyendera kotere kuchitike kutentha kwa Okutobala kusanayambe.