Mphamvu Yodzukira Pansi

Amayi ndi abambo, tsekani mabuku pang'ono. Lero tikambe za miyendo.

Ambiri a ife tikakhalitsa pa mphasa, podzuka timayamba tagwira pansi, kenaka pa bondo. Ena amachita kuitana mwana kuti awakoke dzanja. Timati ndi ukalamba. Inde, minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka 30, ndipo akafika zaka 60 imachepa msanga. Koma mnofu wopatsidwa ntchito umalimba, ngakhale wa nkhalamba.

Wina anena kuti, "Ine ndimalima tsiku lonse." Zoona. Koma khasu limaweramitsa msana, maondo amangopindika pang'ono. Mphamvu yodzukira pansi ili m'ntchafu ndi m'matako, ndipo imafuna ntchito yakeyake.

Ntchitoyo pa Chipwitikizi amaitcha afundo. Siifuna chitsulo, siifuna ndalama. Imani chilili, mapazi atalikirane pang'ono, manja m'chiuno. Ponyani phazi lamanja patsogolo, patali kuposa mmene mumaponyera poyenda. Tsikani pang'onopang'ono monga munthu wofuna kugwada ndi bondo limodzi pamaso pa apongozi. Koma bondo lakumbuyolo lisagunde pansi, lilekeze pafupi. Msana uongoke, maso patsogolo. Tsono kankhani pansi ndi chidendene cha phazi lakutsogolo, mubwerere pamene munaima. Sinthani mwendo.

Penyetsetsani bondo lakutsogolo. Liloze kumene zala za phazi zaloza, lisagwere m'kati. Chidendene chikanyamuka, ndiye kuti phazi mwaliponya pafupi.

Mudzaona kuti mwendo wina uli ndi mphamvu kuposa unzake. Ndi chifukwa chake ndimaikonda ntchito imeneyi. Mwendo uliwonse umasenza thupi pawokha, monga pokwera phiri kapena potsika m'bwato, ndipo mwendo waulesi ulibe pobisala.

Amene mukudzandira gwirani khoma, kapena imikani munsi pambali panu. Amayi, kapulana musamange yothina.

Yambani ndi maulendo 5 mwendo uliwonse. Mukazolowera mufike pa 10. Mu 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalangiza kuti akulu azilimbitsa minofu masiku 2 pa sabata kapena kuposa. Mawa lake ntchafu zikhoza kuphwanya, musaope, zimatha. Koma mukamva kulasa m'kati mwa bondo, kapena bondo likatupa, lekani, mukaonetse ku chipatala.

Tsopano sunthani mphasazi. Tiyambe ndi mwendo wamanja.