Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Matenda a Shuga ku Zengeza, Chitungwiza

Zikomo pondilola kuyankhula m'chinenero chimene agogo athu anabwera nacho kuchokera ku Nyasaland podzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino.

Lero ndi pa 14 Novembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a shuga. Ambirife tinakula tikumva kuti shuga ndi nthenda ya mabwana a mimba zikuluzikulu. Masiku amenewo anapita. Shuga wa mtundu wachiwiri, amene amayamba thupi likaleka kumvera insulini, tsopano akugwiranso ana a sekondale, ndipo mwa mwana amathamanga kuposa mwa munthu wamkulu. Ku America madokotala anatsatira ana otere kwa zaka zoposa 10 mu kafukufuku wotchedwa TODAY. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti oposa theka anali kale ndi vuto la impso, maso kapena mitsempha asanakwanitse n'komwe zaka 30. Pamsinkhu woti ayambe kusamala makolo ake, mwana n'kukhala ali pamzere ku Chitungwiza Central Hospital.

Amayi, mukaona kumbuyo kwa khosi la mwana kwada, khungu lakhuthala ngati nsalu ya veleveti, musathamangire sopo ndi mwala wotsukira. Nthawi zambiri si litsiro, ndi thupi likuchenjeza. Pitani naye kukiliniki akamuyeze, makamaka ngati shuga alipo kale kumtundu.

Gwero lake tikulidziwa. Mwana amadzuka osadya, pachipata cha sukulu n'kugula mafiriziti ndi mafetikuku, poweruka botolo la chakumwa chozizira. Botolo la mamililita 500 limakhala ndi masipuni a tiyi a shuga pafupifupi 13, pomwe bungwe la WHO limati ngakhale munthu wamkulu asapyole 12 patsiku lonse. Boma linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, koma msonkho sulowa m'khitchini mwanu. Bungwe la WHO lija limati wachinyamata azichita zotulutsa thukuta mphindi 60 tsiku lililonse, komabe kafukufuku wake wa 2019 anapeza kuti achinyamata 81 pa 100 aliwonse padziko lapansi sakwanitsa. Atsikana ndiwo atsalira kwambiri, ndipo apa tisanamizane: ndife makolo amene timauza mtsikana kuti watha msinkhu, asiye kuthamanga.

Ntchito imene tikutsegula lero ikudalira foni, ndipo ndikudziwa kuti ena mukuti m'mtima, foni yomweyo si imene yakhazika ana athu pansi? N'zoona. Koma kumulanda sitingathe, poti ngakhale ndalama ya kombi timamutumizira pa EcoCash. Ku India madokotala anatenga abambo 537 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Theka ankalandira mauthenga apafoni okumbutsa za kadyedwe ndi kuyenda, ena anangolangizidwa poyamba basi. Patatha zaka ziwiri, mwa olandira mauthenga anadwala ndi 18 pa 100, mwa enawo 27 pa 100. Ku Senegal, mu 2014, odwala shuga anayamba kulandira malangizo pafoni m'mwezi wa Ramadan. Onsewa anali mauthenga wamba, olowa ngakhale m'kafoni ka mabatani.

A ku Indiawo anali akuluakulu. Mwana wa zaka 15 ndi wina. Uthenga wochokera ku ofesi amaufufuta asanawerenge, koma wa mnzake amayankha ngakhale pakati pa usiku. N'chifukwa chake ndakondwa kuti magulu a pa WhatsApp amene tikutsegula lero aziyendetsedwa ndi achinyamata eni ake, namwino ali pambali. Dziko lino linaonetsa kale njira: Friendship Bench ya Dr Dixon Chibanda inayamba ndi agogo okhala pa benchi ku Mbare, anthu n'kumawaululira zakukhosi chifukwa anali anthu awoawo.

Achinyamata, lembani m'chinenero chanu, Chishona, Chichewa kapena chosakaniza. Itanizanani ku mpira, ku netibolo, ku magule. Foni zambiri zimawerenga mapazi amene mwayenda. Pikisanani, Zengeza ndi Seke. Chimene ndikuletsa ndi chimodzi: kuseka mnzanu wonenepa kapena kuika chithunzi chake pagulu. Mwana wosekedwa amatuluka pagulu, amadzitsekera m'nyumba, ndipo ameneyo ndiye timamufuna kwambiri. Zotsatira za kuyezedwa magazi ndi chinsinsi cha mwini wake ndi namwino. Mauthenga onena kuti mtengo wakuti umachiza shuga muzifunsa kaye namwino musanatumizire agogo anu, chifukwa ena amasiya mankhwala atawerenga zoterezi.

Makolo, mwana saphika yekha. Akabwera ndi foni kuti "amayi, akuti tichepetse shuga mu tiyi, tiwonjezere ndiwo zamasamba," musamuone ngati wamwano. Atsogoleri a mabungwe a maliro, mumasonkha mwezi ndi mwezi zogulira bokosi. Ndikupempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira mukambirane zopatulako kangachepe kogulira bandulo ya ana oyendetsa maguluwa.

Anamwino akhala kale patebulo kuseriku, ndipo kuyezetsa ndi kwaulere. A Mkhalapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti ntchitoyi yatsegulidwa.