Kupimitsa Magazi kwa Anthu Okalamba: Alipira Ndani?

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Dedza.

Masiku onse ndimalankhula nanu za mbewu, manyowa ndi mizere. Lero tikambirane za mwini khasu, makamaka uja wafika zaka 60 kapena kupitirira. Minda yambiri m'midzi mwathu olima ake ndi agogo, ndipo ambiri a iwo ali kulera adzukulu. Gogo akagona mwezi umodzi pa nthawi yopalira, nyumba yonse idzagona ndi njala chaka chimenecho.

Nkhalamba zambiri sizipita kukapimitsa chifukwa ziopa kulipira. Tsono mvetsetsani. M'dziko la Zambia Boma linakhazikitsa lamulo la inshulansi ya zaumoyo mu 2018, ndipo anthu amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Kuno kwathu kulibe inshulansi ya Boma yotere. Ilipo ya mabungwe monga MASM, imene amalowa makamaka anthu a pa ntchito za malipiro. Njira ya Boma lathu ndi ina: zipatala zake zimayendetsedwa ndi ndalama za msonkho ndi za maiko otithandiza. Nchifukwa chake pa chipatala chachikulu cha pa boma la Dedza, ndi pa zipatala zazing'ono za Boma monga Mayani, Lobi ndi Chitowo, kupima magazi, mkodzo ndi makhololo nkwaulere kwa mwana ndi kwa nkhalamba yemwe.

Zipatala za mishoni, monga Mua, Bembeke ndi Kasina, zili pansi pa bungwe la mipingo lotchedwa CHAM, ndipo kumeneko wodwala amalipira. Kuyambira 2006 Boma lakhala likupangana ndi zipatala zina za mishoni kuti lizilipirira odwala ena, koma mapanganowo akhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Mukapita ndi gogo ku mishoni, yambani mwafunsa mtengo asanatenge magazi. Safunsa anadya phula.

Kodi amapima chiyani? Choyamba, matenda a shuga. Munthu akamamva ludzu losatha, akamadzuka kangapo usiku kukataya madzi, akamaonda chidyere nsima, kapena akakhala ndi chilonda cha kuphazi chosapola, apimitse. Amangobaya chala ndi kutenga kadontho ka magazi. Nthawi zambiri adokotala amafuna kuti munthu afike m'mawa asanadye kanthu, koma madzi angathe kumwa.

Chachiwiri, kuthamanga kwa magazi. Uku amapima pa mkono, osatenga magazi ayi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti mwa akulu atatu alionse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi nthenda imeneyi, ndipo ochuluka sadziwa. Siipweteka poyamba. Munthu alima bwinobwino, kenaka tsiku lina angogwa, dzanja ndi mwendo zafa mbali imodzi. Ikadziwika msanga, mankhwala ake alipo.

Chachitatu, chifuwa chachikulu. Kuno kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo gogo akatsokomola timangoti ndi chisanu kapena utsi wa m'khitchini. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, makamaka ngati munthu atuluka thukuta usiku ndi kuonda, apereke makhololo akapimidwe. Mankhwala ake ngaulere, ndipo amamwa miyezi 6. Kumbukirani kuti adzukulu ogona naye nyumba imodzi angathe kutengera.

Chachinayi, malungo ndi kuchepa kwa magazi. Inu amene mumatsikira ku Golomoti ndi ku Mtakataka kukagula nsomba kapena kukaona abale, dziwani kuti kunyanja udzudzu ngwochuluka kuposa kumapiri kuno. Mukabwerako thupi nkutentha, musayambe ndi mapiritsi a pa golosale. Kupima malungo sikutenga ngakhale ola limodzi. Ndipo nkhalamba yochita wefuwefu pokwera kamtunda, zikhatho zili mbuu, ipimitse kuchuluka kwa magazi.

Chachisanu, kachilombo ka HIV. Ena aganiza kuti imvi zimateteza. Sizitero. Kupima nkwaulere, ndipo zotsatira zake ndi chinsinsi cha mwini wake.

Si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi makina opimira zonsezi, ndipo nthawi zina zipangizo zimatha. Zikatero adzakulemberani kuti mupite pa boma, ndipo zikakanika pamenepo adzakutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80. Musataye mtima mukabwezedwa tsiku loyamba. Funsani tsiku loti mubwerenso. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi chiphaso cha unzika, ndipo kabukuko mukasunge m'pepala la pulasitiki, pakuti zonse zimene apeza amalemba m'menemo. Wina akakuitanitsani ndalama kuseri pa chipatala cha Boma, kauzeni a komiti ya chipatalacho kapena wolandira madandaulo.

Mwaona tsono kuti chimene chidya ndalama si kupima, koma ulendo. Nthawi yabwino yokonzera ulendowo ndi pamene mwakolola, kuyambira May mpaka August, miseu ili youma ndipo m'thumba muli kanthu. Mukagulitsa mbatata ya kachewere kapena nyemba pa Chimbiya kapena pa Bembeke, patulani ndalama ya ndowa imodzi ikhale ya ulendo wa agogo. Amene mulandira ndalama za Mtukula Pakhomo, ndi inu a banki m'khonde, chitani chimodzimodzi. Mukadikira mvula ya November, ntchito idzakupanikizani, mitsinje idzadzaza, ndipo ndalama idzakhala itapita ku feteleza.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ntchito iyi njanu. Lembani maina a anthu onse a zaka 60 ndi kupitirira m'mudzi mwanu, muonetse amene akhala okha. Itanani wazaumoyo wa dera lanu adzalankhule pa bwalo, akuuzeni masiku amene chipatala chanu chimaona odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Sankhani wachinyamata wodziwa kuwerenga aperekeze nkhalamba iliyonse, kuti akamve bwino kamwedwe ka mankhwala ndi tsiku lobwerera. Amene ali ndi ngolo kapena njinga abwereke, monga momwe timabwerekana pa maliro. Kunyamula munthu wamoyo kuposa kunyamula chithatha.

Chinanso ndi ichi. Nkhalamba ikayamba kuiwala, kulankhula zosamveka kapena kusochera usiku, m'midzi ina amathamangira kunena kuti ndi mfiti. Kawirikawiri imeneyo ndi nthenda, ndipo shuga akakwera kapena kutsika kwambiri angathe kusokoneza mutu wa munthu. Lamulo la mu 1911 liletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Mlandu wotere ukafika pa bwalo lanu, yambani mwatumiza gogoyo ku chipatala.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndiwo adziwa malire a minda yathu, ndiwo asunga mbewu za makolo. Musanagule feteleza wa chaka chino, onetsetsani kuti wogwira khasu wapimidwa. Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka mbewu ya mbatata. Tsalani bwino.