Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Gulu la Atsikana Okwera Mapiri, ku Liwonde



Alipo ena amene atamva za gululi anafunsa kuti, mwana wamkazi akatani kuphiri? Mayi wa m'munsi mwa Chikala, Chaone kapena Mongolowe atamva funso limeneli angadabwe, chifukwa iye amakwera phiri mbandakucha n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwana ali kumsana. Mphamvu zokwerera amayi a kuno ali nazo kuyambira kale. Koma sanapatsidwe mpata wokwera mwa kufuna kwawo, kufika pamwamba penipeni, dzina lawo n'kulembedwa. Nkhondo imeneyi amayi a maiko ena anaimenya kwa zaka zoposa 200.

Mkazi woyamba kufika pamwamba pa Mont Blanc, phiri lalitali kuposa onse m'mapiri a Alps ku Ulaya, sanali mwana wa mfumu. Anali Marie Paradis, wantchito wosauka wa m'tauni ya Chamonix, ndipo anakwera mu 1808. Anafika atalefukiratu, amuna amene anali nawo akumukoka, koma anafika. Patapita zaka 30, mu 1838, Henriette d'Angeville anakonza yekha ulendo wake, kulemba ganyu omuperekeza, n'kukwera phiri lomwelo ali ndi zaka 44. Mu 1871 Lucy Walker wa ku England anagonjetsa Matterhorn, phiri losongoka limene linapha anthu anayi pa tsiku limene linakweredwa koyamba, mu 1865. Mayi ameneyu anakwera atavala diresi, popeza masiku amenewo mkazi wovala buluku ankamunena. Komabe bungwe la Alpine Club la ku London linapitiriza kukana amayi mpaka 1974, moti iwo anachita kuyambitsa lawolawo mu 1907.

Ndikufuna mumvetsere bwino za Junko Tabei wa ku Japan. Amuna ena ankakana kukwera naye, ndiye mu 1969 anayambitsa gulu la amayi okhaokha, ngati lanuli. Pofunafuna thandizo la ulendo wa ku Everest ankauzidwa kuti amayi azikhala pakhomo kulera ana. Ali paphiri, chipale chofewa chinagumuka usiku n'kukwirira mahema awo, ndipo iye anachita kufukulidwa atakomoka. Patangotha masiku 12, pa 16 May 1975, anaima pamwamba pa phiri lalitali kuposa onse pa dziko lapansi, la mamita 8,849. Sapitwa wathu wa ku Mulanje ndi wa mamita 3,002, ndiye ganizani nokha.

Mwina mukuti zonsezi n'zakutali. Saray Khumalo anabadwira ku Zambia, kwa anansi athu. Mu 2014 anapita ku Everest koma anabwerera chifukwa cha ngozi imene inapha anthu 16 operekeza okwera phiri. Mu 2015 chivomezi cha ku Nepal chinamubweza. Mu 2017 anabwerera atatsala pang'ono kufika. Pa 16 May 2019, tsiku ndi mwezi womwe uja wa Tabei, anakhala mkazi wakuda woyamba wa mu Africa kufika pamwamba pa Everest, ndipo maulendo ake amasonkhetsera ndalama zothandizira maphunziro a ana.

Makolo anzanga, nkhawa zanu ndikuzimva ndipo si zopeka. Mwana akhoza kuterereka, mvula ikhoza kumupeza, ndiponso anthu oipa alipo. Yankho lake si kumutsekera m'nyumba. Atsikanawa aziyenda pagulu, ndi aphunzitsi aakazi, ndi woperekeza wodziwa njira, atadziwitsa amfumu a deralo ndi a zankhalango, ndipo azitsika dzuwa lisanapendeke.

Palinso nkhani ya ndalama. Alendo amabwera ku Liwonde National Park chaka chilichonse, ena amapita kukaona zipilala za Malape, enanso amapitirira ku Zomba ndi ku Mulanje. Amalipira wowaperekeza, ndipo kawirikawiri amakhala mwamuna. Ndikulakalaka kuona mtsikana wa ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula akutsogolera alendo, akutchula mitengo ndi mbalame mayina ake, ndalama ikulowa m'thumba mwake. Koma mlendo sakwera phiri lometedwa ndi makala, choncho mafumu athu, tithandizeni kuteteza mitengo yatsalayi.

Aphunzitsi, ndikupempha chinthu chimodzi: gulani kope lachikuto cholimba. Mtsikana aliyense akafika pamwamba, lembani dzina lake, mudzi wake, phiri ndi tsiku. Muyambe ndi mapiri apafupiwa, ndipo mukakhwima mukonze ulendo wa ku Sapitwa, mundiitane ndidzakuperekezeni.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti gulu lanu latsegulidwa.