Mlembi Alembe, Wina Ajambule

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi za ku Thyolo

Nkhani yanga lero ndi ya buku la mlembi.

Pa msonkhano uliwonse mlembi amalemba bwino ndithu. Koma tikabalalika buku lija limalowa m'thumba mwake, ndipo pokumananso pamabuka mkangano: uyu akuti tinapangana zakuti, uyo akuti iyayi. Mlembi akawerenga, ena amangovomera, pakuti sangathe kuona ngati zimene akumvazo ndi zimene zili pa pepala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse, atatu sadziwa kuwerenga. Kodi atatu amenewo si mamembala athu?

Ife a ku Thyolo tikudziwa kuwawa kwa pepala limene mwini nkhani sangathe kuliwerenga. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu makalata otchedwa Certificates of Claim, otsimikiza malo amene ankati anagula kwa mafumu. Eugene Sharrer yekha anatenga maekala oposa 300,000 kuno kumwera, ndipo mu 1902 malowo anapita m'manja mwa British Central Africa Company. Mafumu ambiri anangoika chizindikiro pansi pa mawu amene sanathe kuwawerenga. Chotsatira chake chinali thangata, amene anadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Makolo athu anapwetekedwa ndi mapepala a alendo. Ife tisapwetekane ndi mapepala athu omwe.

Tsono pempho langa ndi ili: pambali pa mlembi pakhale wojambula. Asakhale katswiri ayi. Aliyense wodziwa kugwira choko kapena khala angathe. Aimirire poyera, pa bolodi kapena pa pepala lalikulu, ndipo azijambula nkhani pamene ikukambidwa, anthu onse akuona.

Poyamba tigwirizane zizindikiro, ndipo tisamazisinthe. Dengu liimire kuthyola tiyi. Sikelo iimire madandaulo a kayezedwe ka masamba. Khasu liimire minda, mjigo uimire madzi. Pepala ligawidwe patatu: kumanzere dandaulo, pakati chimene tapangana, kumanja amene tawatuma ndi tsiku lodzabweza mawu. Ngati anthu 12 adandaula za sikelo, pansi pa sikeloyo pakhale timizere 12. Ngati tapereka milungu iwiri, ajambule timitanda tiwiri, ta Masabata awiri.

Njira imeneyi inayesedwa kale kwina. Mu 1993 bungwe la ActionAid linayamba sukulu za kwacha zotchedwa Reflect ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador. Kumeneko anthu ankayamba ajambula mapu a mudzi wawo pansi ndi timitengo, miyala ndi nyemba, kenaka nkukopera pa pepala. Osadziwa kulemba ankatha kuloza ndi kunena kuti apa mwalakwitsa.

Machenjezo ndili nawo awiri. Loyamba, musajambule nkhope kapena kuika dzina la munthu amene wadandaula za ku ntchito. Pepala limayenda, ndipo likafika m'manja mwa kapitawo, mnzathu angachotsedwe ntchito chifukwa cha ife. Jambulani sikelo, osati mwini dandaulo. Lachiwiri, chithunzi sichilowa m'malo mwa buku. Ndalama za nthambi, masiku ndi mayina a otumidwa zilembedwe ndithu, pakuti kalata yopita kwa bwanamkubwa imafuna mawu ndi manambala.

Tisanatseke msonkhano, A Pampando aitane mmodzi wa amene sanapite ku sukulu, aimirire ndi kufotokoza zithunzi zonse kuyambira kumanzere. Akafotokoza bwino, ndiye kuti tamvana. Akasokonezeka, cholakwa si chake. Wojambula akonze pomwepo. Pamenepo mlembi awerenge buku lake, tione ngati ziwirizo zikugwirizana. Amene ali ndi foni ajambule pepalalo, kuti likanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe umboni usatayike.

Abale anga, mutu umodzi susenza denga. Tisamusenzetse mlembi yekha zimene tapangana tonse. Nthambi iliyonse isankhe wojambula wake mwezi uno usanathe, ndipo pa msonkhano ukudzawo mubwere ndi pepala lanu tidzalione.